Kuzungulira Kraków pa Segway: malangizo kwa amene akukwera koyamba

Mukafika ku Kraków, mzinda wakale wa kummwera kwa Poland, simuchedwa kuwaona. Anthu ali pamzere, zipewa zolimba kumutu, aliyense waimirira pa kathabwa ka matayala awiri, akudutsa mwakachetechete pansi pa mitengo. Makina amenewo ndi Segway. Ine ndinakwera chifukwa ndinali ndi masiku awiri okha, pomwe malo amene ndinkafuna kuona ndi omwazikana: bwalo lalikulu la pakati pa mzinda, phiri la mafumu la Wawel, dera lakale la Ayuda la Kazimierz, ndi Podgórze kutsidya kwa mtsinje wa Wisła. Wapansi amatha kuzungulira konseko, koma amafika madzulo miyendo ili zii, mutu usakulandiranso kanthu. Pa Segway ulendo womwewo umatha m'maola atatu, ndipo umabwerako ukudziwa mmene mzindawo unakhalira ndi kumene uyenera kubwerera mawa lake wapansi. Ntchito ya makinawa ndi yomweyo basi, kukusonyezani njira. Sangakulowetseni m'tchalitchi kapena m'manda, ndipo pali malo ena amene muyenera kutsika.

Yambani mwadziwa chimene mukukwera

Segway inapangidwa ndi Dean Kamen wa ku America, ndipo inaonetsedwa kwa anthu mu December 2001. Ilibe mabuleki oti mugwire, ilibenso chopondera moto. Pansi pa kathabwa kamene mumapondapo pali tizipangizo tomva kupendekeka kwa thupi lanu, ndipo kompyuta yake imayeza zimenezi maulendo pafupifupi 100 pa sekondi iliyonse. Mukawerama pang'ono kutsogolo, matayala amathamangira kutsogolo kuti akhalebe pansi panu. Mukabweza thupi, amachepetsa liwiro n'kuima. Liwiro lake lalikulu ndi makilomita 20 pa ola, koma okwera koyamba amawaikira malire otsika, mwina theka la pamenepo.

Kampani ya ku China ya Ninebot inagula Segway mu 2015, ndipo mu 2020 inasiya kupanga makina a mtundu uwu. Choncho amene mudzakwere ndi akale ndithu. Palibe choopsa pamenepo ngati akusamalidwa, koma muli ndi ufulu woyang'ana matayala ngati sanaphwe kapena kusalala, ndi kugwedeza chiwongolero kuti mumve ngati chili cholimba. Chikakukayikitsani, pemphani china.

Kusankha ulendo

Musaganize kuti mzinda uliwonse wa ku Ulaya umalola Segway. Prague inaletsa makinawa pakati pa mzinda wakale mu 2016 anthu oyenda pansi atadandaula. Ku Britain saloledwa pamsewu wa anthu onse kapena m'mbali mwake moyenda anthu, amangokwereka pamalo a mwini. Ku Poland lamulo la 2021 linawaika m'gulu la tizipangizo ta magetsi tonyamula munthu mmodzi. Malo awo ndi kanjira ka njinga, ndipo pamene kanjirako palibe, mungayende m'mbali moyenda anthu pa liwiro la munthu wapansi, wapansiyo ndiye woyamba. Kukwera mutamwa mowa ndi mlandu.

Makampani oyendetsa alendo alipo angapo ndipo mumalembetsa pa intaneti. Funsani zinthu zitatu musanalipire. Gulu limakhala la anthu angati? Likapitirira anthu 8 kwa woperekeza mmodzi, amene ali kumbuyo samva kanthu, amangoona pakamwa pakugwedezeka. Ulendowo umafika kuti? Wa maola awiri nthawi zambiri umathera m'mzinda wakale, pomwe wa maola atatu kapena anayi umafika ku Kazimierz ndi Podgórze, ndipo ine ndi umene ndingakulimbikitseni. Woperekezayo amalankhula chinenero chanji? Lembetsani wa Chingerezi, chifukwa pali magulu ena a Chijeremani, Chisipanishi ndi Chipolishi.

Sankhani m'mawa. Pofika masana, makamaka kuyambira June mpaka August, misewu ya pakati imadzaza moti mumangokhalira kuzemba anthu. Kuyambira November mpaka March kumazizira koopsa, nthawi zina madzi mpaka kuundana, ndipo munthu woima chilili pamakina akuwombedwa ndi mphepo amazizidwa kuposa woyenda pansi.

Makinawa ali ndi malire a kulemera kwa wokwera, kuyambira makilogalamu pafupifupi 45 mpaka pafupifupi 117. Mwana wopepuka kwambiri makinawo samumva bwino. Mayi woyembekezera asakwere. Amene ali ndi vuto la chizungulire kapena amene sangathe kukwera sitepe popanda kugwiridwa, nayenso asiye. Adzakupatsani pepala loti musaine kuti mwavomera kukwera mwa kufuna kwanu. Liwerengeni, makamaka pamene akunena za amene adzalipire makina akawonongeka, ndipo muonenso ngati inshulansi yanu ya ulendo ikuphimba ngozi zotere. Ndalama za ku Poland ndi złoty, si euro, ngakhale khadi la kubanki limalandiridwa pafupifupi paliponse.

Zovala

Nsapato zikhale zotseka, zapansi pafulati. Zagogoda ndi masilipasi ayi. Amayi, chitenje kapena diresi lalitali lolendewera mpaka m'mapazi lisungeni la madzulo, chifukwa matayala ali pafupi penipeni ndi akakolo anu. Chikwama chikhale chobereka pamapewa onse awiri, osati chokoleka kumodzi. Ngati kukuzizira, magolovesi ndi ofunika kuposa juzi yachiwiri. Chipewa chodzitetezera adzakupatsani okha, inu mangani lamba wake pansi pa chibwano mpaka chisagwedere.

Mphindi 15 zoyamba

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo musalole kuti akuthamangitseni. Woperekeza adzagwira makina kutsogolo kwanu. Gwirani chiwongolero ndi manja onse awiri, koma musachikokere kwa inu. Pondani phazi limodzi pakati pa mbali yake, kenako linalo, ngati mukukwera sitepe. Maso akhale kutsogolo, osati kumapazi.

Chimene chidzachitike n'chakuti makinawo adzayamba kugwedera, kutsogolo kumbuyo, kutsogolo kumbuyo. Pafupifupi aliyense zimamuchitikira. Thupi lanu likuyesa kudzichirikiza, makinanso akuyesa kukuchirikizani, ndiye mukulimbana. Mankhwala ake ndi kusiya kulimbanako. Masulani mapewa, pindani mawondo pang'ono, pumani. M'gulu lathu munali mayi wina wachikulire wa tsitsi loyera amene anagwira chiwongolero mpaka zala kuyera, makina akunjenjemera pansi pake. Woperekeza anamuuza kuti ayang'ane nsonga ya tchalitchi patali ndi kumuuza dzina la mdzukulu wake. Pamene ankatchula dzinalo, makina anangoti du.

Kuti mupite kutsogolo, sunthirani kulemera kwanu ku zala za kumapazi. Musapinde msana kapena kukankha chiwongolero ndi manja, thupi lonse lipendekeke limodzi ngati mtengo. Kuti muime, bwezerani kulemera ku zidendene, ngati mukufuna kukhala pampando umene uli kumbuyo kwanu. Yeserani kuima mwadzidzidzi kangapo mudakali pabwalo lophunzirira, chifukwa mumsewu mudzakufuna. Kukhota ndi kupendeketsa chiwongolero kumanzere kapena kumanja, thupi likutsatira komweko. Mutaima malo amodzi n'kupendeketsa chiwongolero, makina amazungulira pomwepo. Kubwerera chammbuyo kumatheka koma kusiyeni, ndi bwino kutembenuka.

Potsika ndi pamene ambiri amalakwitsa. Imani kaye kotheratu. Tsikani chammbuyo phazi limodzi, kenako linalo, dzanja likadali pachiwongolero, ndipo musachisiye mpaka woperekeza atachilandira kapena mutatsamiritsa makinawo pakhoma. Mukangodumpha n'kusiya, amatha kupitirira okha pang'ono n'kukagunda munthu, ndipo amalemera makilogalamu pafupifupi 48.

Makinawa amachenjeza m'njira ziwiri. Mukathamanga kufika pamalire, chiwongolero chimabwerera chokha cha pamimba panu. Musachikankhe, chikukuuzani kuti muchepetse. Chikayamba kunjenjemera ndi kulira mokukuta, ndiye kuti pali vuto, mwina batire yatha mphamvu, ndipo muli ndi masekondi ochepa oti muime ndi kutsika makina asanazime.

Chimene chimagwetsa anthu

Si liwiro kwenikweni. Ndi kuiwala kuti matayala ali m'mbali mwanu, ndipo atambalala kuposa mapazi anu. Mumaona kuti thupi lanu lidutsa bwinobwino pambali pa chipilala, koma tayala limodzi limagunda, linalo likupitirirabe, makina n'kukutembenuzani mwamphamvu. Ine zinandichitikira m'paki ya Planty. Ndinatembenuza mutu kuyang'ana khoma lakale, tayala lakumanja linakhudza mwendo wa benchi, ndipo ndinapezeka pansi chigongono chitasupuka. Tinali tikuyenda pang'onopang'ono, n'chifukwa chake zinathera pomwepo. Kuyambira apo ndinkasiya mpata wa dzanja lathunthu pakati pa tayala ndi chilichonse, ndiponso mpata wa makina awiri pakati pa ine ndi wakutsogolo.

Misewu yambiri ya mzinda wakale ndi ya miyala yoyala. Imagwedeza, ndipo ikanyowa imaterera. Pindani mawondo kuti alandire kugwedezako. Masamba onyowa oyoyoka m'mitengo ndi oterera chimodzimodzi. Kraków ili ndi sitima zoyenda mumsewu, ndipo njanji zake muziwoloka molunjika, matayala onse awiri nthawi imodzi, osati chopingasa. Sitimazo sizikhota kuti zikuzembeni. Pabwalo lalikulu pali ngolo zokokedwa ndi mahachi, zipatseni mpata wokwanira. Foni ikhale m'thumba. Chithunzi mujambule mutaima, kapena mupemphe woperekeza, ambiri amachita zimenezo mosavuta.

Musawapepute makinawa. Mu September 2010, Jimi Heselden, amene panthawiyo anali mwini wa kampani ya Segway, anafa atagwa nayo kuchokera paphompho n'kugwera mumtsinje wa Wharfe ku England. Nambala ya pangozi ku Poland ndi 112.

Njira yake

Maulendo ambiri amayambira m'mphepete mwa Planty, paki yoyenda mozungulira mzinda wakale kwa makilomita pafupifupi 4. Paki imeneyi ili pamene panali linga la mzinda, limene linagwetsedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Tinjira take ndi tosalala, ndiye ndi pabwino kuzolowererapo. Kumpoto mudzaona chimene chinatsala cha lingalo: chipata cha Florian ndi Barbican, chinyumba chozungulira cha njerwa zofiira chomangidwa cha m'ma 1498 kuti chiteteze chipatacho.

Kuchokera pamenepo mumatulukira pa Rynek Główny, bwalo lalikulu limene linayalidwa mu 1257, mbali iliyonse mamita pafupifupi 200. Pakati pake pali Sukiennice, msika wakale wa nsalu. Pemphani woperekeza kuti mufike pano ola litatsala pang'ono kukwana. Ola lililonse, usana ndi usiku, wozimitsa moto amatsegula zenera pamwamba pa nsanja yaitali ya tchalitchi cha Mariacki n'kuliza lipenga, kanayi, kuyang'ana mbali zinayi za mzinda. Nyimboyo imaduka pakatikati isanathe. Nthano ya kumeneko imati mlonda wina analasidwa pakhosi ndi muvi pamene ankachenjeza mzinda za adani a Chitata ochokera kum'mawa, ndipo lipenga linathera pomwepo. Tsikani pamakina, imani, yang'anani m'mwamba. Akamaliza amakweza dzanja pazenera, ndipo anthu pansi amamubayibitsa.

Chakumadzulo kwa bwaloli kuli Collegium Maius, nyumba yakale kwambiri ya yunivesite ya Jagiellonian, imene Mfumu Kazimierz Wamkulu anaikhazikitsa mu 1364. Nicolaus Copernicus, amene anadzaphunzitsa kuti dziko ndi limene limazungulira dzuwa, anayamba kuphunzira pano mu 1491.

Pamsewu wa Franciszkańska nambala 3 pali nyumba ya maepiskopi, ndipo pamwamba pa khomo pali zenera lokhala ndi chithunzi cha Papa Yohane Paulo Wachiwiri. Karol Wojtyła anali arkiepiskopi wa Kraków kuyambira 1964 mpaka pamene anasankhidwa kukhala papa mu 1978, ndipo akabwera kudzacheza kwawo ankalankhula ndi achinyamata pazenera limeneli usiku. Ndi papa yemweyo amene anafika ku Zambia ndi ku Malawi mu May 1989. Amene munakulira m'nyumba mmene munkapachikidwa chithunzi chake, pano mudzafuna kuima nthawi yotalikirapo, ndipo muuzeni woperekeza pasadakhale.

Kenako mumadutsa msewu wopapatiza wa Kanonicza n'kufika patsinde pa Wawel. Pamwamba pa phirili pali nyumba ya mafumu ndi tchalitchi chachikulu mmene mafumu a Poland ankavekedwa ufumu ndi kuikidwa m'manda. Kraków inali likulu mpaka ufumu unayamba kusamukira ku Warsaw cha m'ma 1596. Wawel ndi ya tsiku lina, wapansi, chifukwa imafuna theka la tsiku payokha. Lero mungoizungulira kumunsi, kumene kuli chifanizo chachitsulo cha chinjoka chimene chimalavula moto weniweni pakapita mphindi zingapo. Ana amachiunjirira, choncho dutsani pang'onopang'ono. Mukapitirira pamenepo mwafika m'mphepete mwa Wisła, njira yotakasuka ndi yosalala, ndipo ndi pokhapo paulendo wonse pamene mungamve kukoma kwa liwiro.

Kazimierz ndi kutsidya kwa mtsinje

Kazimierz unali mzinda paokha, wokhazikitsidwa mu 1335, ndipo kwa zaka mazana ambiri unali kwawo kwa Ayuda a ku Kraków. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe, Ayuda mumzindawu anali oposa 60,000, pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse. Pamsewu wa Szeroka pali sunagoge wakale kwambiri, ndi wina wamng'ono wa Remuh amene anthu akupempherabe, kuseri kwake kuli manda a m'zaka za m'ma 1500. Misewu kuno ndi yopapatiza, matebulo a malo odyera atulukira panja, ndiye yendani mwa wapansi. Magulu ambiri amapumira pa Plac Nowy. Gulani zapiekanka, buledi wautali wong'amba pakati wowotchedwa ndi bowa ndi tchizi. Mapazi adzakhala atachita dzanzi chifukwa choima malo amodzi, choncho yendayendani pang'ono musanakwerenso.

Kuchokera ku Kazimierz mumawoloka pa mlatho wa oyenda pansi ndi njinga wa Bernatek, wotsegulidwa mu 2010, umene unatchuka ndi maloko a anthu okondana okolekedwa pawaya wake. Kutsidya ndi Podgórze.

Apa ndikupemphani kuti musinthe mayendedwe. Mu March 1941, Ajeremani a chipani cha Nazi anatsekera Ayuda pafupifupi 15,000 m'kadera ka Podgórze mmene kale munkakhala anthu pafupifupi 3,000, n'kuzungulizapo khoma. Chidutswa cha khomalo chikadalipo pamsewu wa Lwowska, ndipo pamwamba pake anapaumba mozungulira ngati miyala ya pamanda a Ayuda. Mu 1942 anthu zikwi zambiri anatengedwa kuno kupita kukaphedwa ku Bełżec. Pa 13 ndi 14 March 1943 deralo linathetsedwa: otha kugwira ntchito anapita nawo kumsasa wa Płaszów, ambiri anawomberedwa m'misewu momwemo, otsala anatumizidwa kumsasa wophera anthu wa Auschwitz.

Bwalo limene ankasonkhanitsira anthuwo tsopano limatchedwa Plac Bohaterów Getta. Pali mipando yachitsulo yopanda anthu, yomwazikana bwalo lonse, kukumbutsa katundu amene anatsala panja eni ake atatengedwa. Ndinaona gulu lina likuzungulirazungulira pakati pa mipandoyo pa Segway, akuseka, wina akujambula ndi foni, ndipo mtima unandiwawa. Si anthu oipa, kungoti palibe amene anawauza kuti atsike. Inu tsikani. Tsamiritsani makina m'mphepete mwa bwalo, vulani chipewa ngati mwafuna, muyende wapansi pakati pa mipandoyo. Ife timadziwa mmene munthu amayendera akafika pamanda, ndipo apa mayendedwe ake ndi omwewo. Pangodya ya bwalolo pali sitolo ya mankhwala ya Tadeusz Pankiewicz, Mpolishi amene sanali Myuda koma anakana kusamuka, ndipo iye ndi antchito ake ankapereka mankhwala, kupititsa mauthenga ndi kubisa anthu. Lero ndi nyumba yosungiramo mbiri. Patsogolo pang'ono, pamsewu wa Lipowa nambala 4, pali fakitale ya Oskar Schindler, amene anapulumutsa Ayuda pafupifupi 1,200 powalemba ntchito. Pa Segway mudzangoona chipata chake. Kuti mulowe, gulani tikiti pa intaneti masiku angapo m'mbuyo, chifukwa amatha msanga.

Pobwerera

Samalani kwambiri m'chigawo chomaliza, pamene aliyense wazolowera ndipo wayamba kudzidalira, miyendo nayo yatopa. Sungani mpata womwe uja, ndipo pamalo owolokera msewu tsatani zimene woperekeza akuchita. Akatsika n'kumakankha, inunso tsikani. Mukafika, perekani makina m'manja mwake, ndipo ngati wakuyendetsani bwino, kumupatsa kangachepe ndi chizolowezi chovomerezeka. Mphindi zoyamba mutatsika pansi pamaoneka ngati pakusuntha, choncho khalani kaye pabenchi musanawoloke msewu.

Madzulo omwewo, mutu ukadali ndi zonse, lembani malo awiri kapena atatu oti mubwerereko. Ngati Mariacki ili pamndandanda, fikani 12 koloko masana isanakwane, nthawi imene amatsegula zitseko za guwa lalikulu lamatabwa limene Veit Stoss anasema kuyambira 1477 mpaka 1489. Alendo amalowera khomo la m'mbali ndi tikiti, khomo lakutsogolo ndi la obwera kudzapemphera. Mukatuluka mudzamva lipenga la masana, limene wailesi ya dziko la Poland imaulutsa tsiku lililonse, ndipo kuchokera pamenepo kutsika msewu wa Grodzka mpaka ku Wawel ndi mphindi 15 wapansi.